Eyakoni ya amayi patatha miyezi 14: zomwe koyilo yotentha yandiphunzitsa

Eyakoni iyi ndinagula mu Seputembala chaka chatha chifukwa cha amayi. Anasamukira kwathu ku Kalongwezi atadwala, ndipo chipinda chawo chimayang'ana kumadzulo, moti mu Okutobala dzuwa la Chipata likamapendeka khoma limatentha ngati chiwaya. Ndi ya ma BTU 12,000 (muyeso wa mphamvu yake), yoziziritsa komanso yotenthetsa, ndipo gasi wake ndi wa mtundu wa R410A. Chilimwe choyamba inagwira bwino kwambiri, amayi anayamba kugona masana osadandaula.

Vuto loyamba linabwera mu Juni, nthawi ya chisanu. Tikaiyatsa kuti itenthetse, inkagwira mphindi 10 kapena 15, kenako zii, nambala n'kumathwanima pa nkhope yake. M'kabuku kake munalembedwa kuti nambalayo ikutanthauza kuti koyilo, mapaipi opindapinda amene gasi amadutsamo, yatentha mopitirira muyeso. Ine ndinathamangira panja kukagwira bokosi lakunja, koma linali lozizira. Apa m'pamene ambiri timasokonezeka. Makinawa akamaziziritsa, koyilo yotentha ndi yakunja, chifukwa ndi imene imatayira panja kutentha kwa m'chipinda. Akamatenthetsa, gasi amayenda mobwerera, ndiye yotentha imakhala ya m'nyumba. Nditatsegula chivundikiro cha bokosi la m'chipinda ndinapeza masefa awiri osefa mpweya atatsekeka ndi fumbi ndi ubweya wa mabulangeti, ngati wina wawamata dothi. Mpweya sunkadutsa, kutentha kunkaunjikana m'mapaipi, sensa yoyeza kutentha n'kuzimitsa makina kuti kompuresa, injini imene imapopa gasi, isapse. Ndinawatsuka ndi madzi ozizira, ndinawaumitsa pamthunzi, basi vuto linathera pomwepo. Kuyambira pamenepo ndimatsuka masabata awiri alionse.

Lachiwiri ndi limene linandiwawa. Okutobala wa chaka chino inayamba kuzima cha m'ma 14 koloko, nthawi imene amayi amaifuna kwambiri, nambala yomwe ija ikuthwanima. M'mawa ndi usiku inalibe vuto. Ndinaitana mmisiri wina amene anandiuza ali pageti kuti gasi watha, asanagwire n'komwe makina. Anathira gasi osayeza pa sikelo, ndinamulipira, iye ulendo. Mawa lake inazima 12 koloko isanakwane. Amayi anangoti, "Mwana wanga, usavutike, ndizikhala pansi pa mtengo wa mango." Mawuwo anandipweteka mumtima.

Mmisiri wachiwiri, bambo wachikulire wa ku Kapata, anabwera ndi mita ndi mageji, ndipo asanatsegule chilichonse anaima kaye pa bokosi lakunja n'kumamvetsera. Anati, "Achimwene, fani iyi ikuzungulira ngati yatopa." Anaika dzanja kutsogolo kwake: mphepo inali yochepa koma yotentha kwambiri. Atazimitsa malaiti anachotsa kapasita wa fani, kachipangizo kothandiza fani kuzungulira ndi mphamvu. Pathupi pake analembapo kuti mphamvu yake ndi 2.5 µF, koma mita inawerenga osafika ngakhale 1. Kapasita akafooka, fani imazungulirabe, ndiye munthu umaganiza kuti zonse zili bwino, chonsecho siikukoka mpweya wokwanira kudutsa mu koyilo.

Kenako anandionetsa kumbuyo kwa bokosilo, kumene ine ndinali ndisanasuzumireko. Timasamba ta aluminiyamu ta pa koyilo tinali titadzaza fumbi la mu Ogasiti, phulusa la lupsa, maluwa ouma a mango ndi nthenga za nkhuku za aneba. Komanso amene anaimanga anaigunditsa pafupi kwambiri ndi khoma, moti dzanja silinkalowa bwino, pamene kabuku kamafuna mpata wa masentimita 30. Anatsuka ndi madzi a paipi mofatsa, kuchokera mkati kupita kunja. Anandichenjeza kuti madzi amphamvu a makina otsukira galimoto amapinda timasambato, ndipo tikapindika mpweya sudutsanso.

Sensa nayonso anaiyeza, poti nthawi zina koyilo imakhala ilibe mlandu koma sensa ndiyo ikunama. Anaichotsa pa paipi, anaisiya izizire, n'kuwerenga pafupifupi 10 kΩ, imene ndi nambala yoyenera sensa ya mtundu umenewu pa madigiri 25. Ataifumbata m'manja nambala inayamba kutsika pang'onopang'ono, kusonyeza kuti ili moyo. Gasi anamuyang'ana pomalizira, ndipo geji inaonetsa kuti wachuluka. Gasi satha ngati mafuta a galimoto. Akachepa ndiye kuti penapake pabooka, ndipo pobookapo payenera kupezeka kaye. Akachuluka, mphamvu ya gasi m'mapaipi imakwera, koyilo yakunja n'kutentha koposa. Choncho mmisiri woyamba uja anawonjezera matenda pa matenda. Bambowo anachotsa gasi yense, anapopa mpweya kuuchotsa m'mapaipi, n'kuthira watsopano pa sikelo, magalamu enieni olembedwa pa chikwangwani cha bokosilo.

Maganizo anga pa makinawa ndi akuti ndi abwino. Kuzima konse kuja kunali kudziteteza, ndipo pakanapanda chitetezo chimenecho bwenzi ndikugula kompuresa ina. Chimene sindikondwera nacho n'chakuti nambala imodzi imaimira matenda anayi, ndipo kabuku kamangoti itanani mmisiri, osauza mwini wake kuti ayambe wayang'ana masefa ndi fani. Kapasita kufa chaka chimodzi n'kofulumiranso, ngakhale kuzimazima kwa malaiti ndi kutentha kwa khoma lija zinathandizira. Ndagula kachipangizo koteteza ku magetsi okwera ndi otsika, kamene kamadikira mphindi zingapo malaiti akabwera kasanalole makina kuyaka.

Bokosi lakunja tinalisunthira patsogolo pa zitsulo zatsopano, ndipo ndinamanga kadenga ka malata pamwamba ndithu, kosatseka mphepo. Patha masabata asanu tsopano osazimapo. Dzulo masana ndinapeza amayi atagona, rimoti ili pamtsamiro, ataikapo okha madigiri 26.