Pulogalamu yolondola basi yandichepetsera kudikira

Ndatha miyezi itatu ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni yoonetsa pomwe basi yafika. Basi iliyonse ili ndi GPS, kachipangizo koonetsa pomwe ili, ndiye pa mapu kadontho kamayenda pang'onopang'ono, pansi pake n'kulemba kuti "mphindi 7". Kale ndinkaima pasiteji mvula ikundikwapula, khosi lili tolotolo kusuzumira kumsewu. Pano ndimatseka chitseko basi ikatsala pang'ono.

Eni basi nawonso amapindula: woyang'anira akaona basi ziwiri zatsatana mphuno ndi mchira, amauza yam'mbuyo idikire kaye, kuti anthu asaunjikane pasiteji ina.

Chondinyansa n'chakuti netiweki ikavuta, kadontho kamangoima malo amodzi. Lachiwiri lapitali ndinanyamuka mosatekeseka, kupeza basi idadutsa kalekale. Batire nalonso limatha msanga.