Hamoki kapena tenti ku Chigwa cha Shire?

Anzanga apanjinga amene mukufuna kutsika Thabwa mpaka ku Nsanje, nkhani ya pogona muiganizire musananyamuke. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40, ndipo dzuwa likalowa nthaka imakhala ikutulutsabe moto.

Mu tenti ndinagonamo kufupi ndi Nchalo. Pakati pa usiku chitenje chomwe ndinayala chinali chitanyoweratu ndi thukuta. Kulemeranso: tenti ya anthu awiri ndi makilogalamu 2 kapena 3, pomwe hamoki (nsalu yogonamo yomangirira pakati pa mitengo iwiri) ya nayiloni ndi malamba ake nthawi zambiri sipitirira kilogalamu imodzi, ndipo ukaipinda imangokula ngati papaya. Agogo atayiona anati, "Awa si machila awa?" Ukagonamo kamphepo kamakudutsa kumsana, zinkhanira n'kumayenda zawo pansi.

Koma mahamokiwo ali pawiri, ndipo mtima wanga uli pamenepa. Ya nsalu imodzi yopanda neti ndi yotchipa, komabe musaigule. Udzudzu wa m'mbali mwa Shire umabowola nayiloni yopyapyala pomwe thupi lagunda nsalu. Ku Bangula ndinaphimba neti pamwamba pokha, kutacha msana wonse uli matuza. Malungo kuno si nkhani yocheza. Gulani ya nsalu ziwiri yokhala ndi neti ya zipi. Ndalama zikachepa, neti ya kunyumba imathandiza, bola izungulire mpaka kunsi, muimange isakhudze thupi.

Pomanga, pezani mitengo iwiri yotalikirana mamita 4 kapena 5. Mlambe lamba sazungulira, masau ali ndi minga; nimu ndiye wabwino. Yang'anani kumwamba ngati kuli nthambi youma. Musakoke ngati chingwe choyanikira zovala, ayi. Isiyeni ikhote ngati nthochi, inu mugone chopingasa, mutu mbali ina miyendo mbali ina, msana uwongoka wokha.

Tenti ili ndi pake. Cha ku Elephant Marsh kuli malo a bango lokhalokha opanda pomanga. Ku Majete ndi ku Lengwe kuli nyama zolusa, choncho gonani pomwe oyang'anira nkhalango akuuzani. Mvula ikayamba hamoki imafuna lona pamwamba, ndipo mu Juni m'mbandakucha msana umazizira, ndiye ine ndimayala kabulangete mkatimo ndisanagone.