Ryzen 5 5600 pa bodi yakale ya B450: mmene zikuyendera pano

Mnzanga wandifunsa ngati achotse pulosesa yake ya Ryzen 5 2600 n'kuika 5600 monga ndinachitira ine chaka chatha. Ndati ndiyankhire pano kuti ena amve nawo.

Pulosesayo ndilibe nayo chifukwa. Imalowa mu soketi ya AM4 yomwe ija, ma core ndi 6 ngati yakaleyo koma liwiro si limodzi, ndipo fani yakale ikukwanira. Mavidiyo a maukwati amene ndimakonza akutuluka msanga.

Chinandilwalitsa mutu ndi ntchito ya mnyamata wa pashopu pamene ndinagula. BIOS, pulogalamu ya pa bodi yoyatsira kompyuta, anaikadi yatsopano, poti B450 siidziwa Ryzen 5000, gulu la 5600, popanda kutero. Poyatsa panabwera uthenga wa fTPM, mbali ya pulosesa yosunga makiyi a chitetezo, wofunsa ngati ifufutidwe (Y) kapena ayi (N), iye n'kungodina Y osafunsa ngati diski yanga ili ndi BitLocker, loko ya Windows yotseka diski. Mwamwayi inalibe, apo ayi ikanafuna recovery key, nambala yapadera yotsegulira diskiyo. PIN ya Windows yokha ndiyo inafa, ndinapanga ina.

Kunyumba ndiye kunayamba zina. Kompyuta ikagona, kudzuka kunali kwa mwayi: fani ikuzungulira, sikirini ili bii, mpaka kuzimitsa pabatani. Mawu m'mahedifoni ankathetheka pakati pa ntchito, kasitomala ali pompo. Nditabwerera kushopu anandiyankha kuti ndi magetsi a kwathu. Magetsi amavutadi, koma sapita kukaika chizindikiro chachikasu chimene ndinapeza mu Device Manager, pamene Windows imaonetsa zida zonse za kompyuta. Chinali pa PCI Encryption Controller, kusonyeza kuti dalaivala wa chipset, pulogalamu yothandiza Windows kuyendetsa bodi, palibe. Mnyamatayo anagwiritsa kapulogalamu kaja ka pa fulashi kamene kamangothira madalaivala mwachisawawa. Ndinakachotsa, ndinachotsanso AMD Chipset Software yakale, n'kutsitsa yatsopano ya B450 pa webusaiti ya AMD. Bandulo inapita pang'ono chabe. Chiyambire tsiku limenelo kompyuta imadzuka bwinobwino ndipo mawu ali myaa. Pa Show hidden devices ndinapezanso mizere 12 yotuwa ya 2600 yakale pansi pa Processors. Siivulaza kanthu, ndinangoichotsa kuti pakhale poyera.

Chinandiseketsa mokwiya ndi RAM. Yanga ndi ya liwiro la 3200, koma Task Manager inkaonetsa 2133. BIOS yatsopano imabwezera zonse poyambira, ndiye XMP, imene imalola RAM kuthamanga pa liwiro lake lonse, inali yozimitsa nthawi yonseyi. Nditaiyatsa zinali ngati ndagulanso kachipangizo kena kwaulere.

Masiku amene ntchito ikuyenda ndimati ndalama zanga zinagwira ntchito, makamaka poona mmene zida za kompyuta zakwerera chigwereni kwacha mu Novembala 2023. Ndikakumbukira kuti ndinalipira yoikira padera, ndipo mwini shopu anakana kundibwezera ngakhale theka, mtima umawira. Mnzangayo ndamuuza kuti agule, koma yoikira apereke ataona yekha Device Manager yopanda chachikasu ndi RAM ikuwerenga 3200.