Nyenyezi zitatu: mafilimu a makauboyi ndi okoma, koma mnyamata wa pashopu paja ayi

Ndiyambe ndi mnyamata wa pakashopu kokopera mafilimu kaja, chifukwa ndi amene wandilembetsa ndemangayi. Ndinamusiyira fulashi yatsopano ndi K12,000, kuphatikizapo ija amati ya bandulo, kuti andiikiremo mafilimu asanu ndi limodzi a makauboyi oseketsa. Inali mphatso ya ababa, amene amakwanitsa zaka 75 Loweruka lapitali. Mayina ndinachita kumulembera papepala. Pamwamba penipeni ndinalemba They Call Me Trinity, n'kudula mzere kunsi kwake kawiri, chifukwa ndi imene ababa akhala akuitchula kuyambira ndili mwana. Anandiuza kuti ndibwere mawa. Mawa lakelo linatenga masiku anayi.

Tsikulo litafika nyumba inadzaza, ana anakhala pamkeka, ababa pampando wawo atavala jekete ngati akupita ku ukwati. Filimu inayamba bwinobwino: Terence Hill, amene ndi Trinity mufilimuyi, ali gone pakamachira kokokedwa ndi hatchi, fumbi thupi lonse, malaya ong'ambika. Koma munthu woyamba atangotsegula pakamwa tinayang'anizana. Chijeremani! Filimu yonse, popanda ngakhale timawu tolembedwa pansi. Ndinasinthasintha pa rimoti mpaka thukuta, koma ayi ndithu. Manyazi amene ndinachita pamaso pa alamu anga sindingawafotokoze.

Ndinatuluka panja n'kumuimbira. Anayankha ulendo wachitatu, nyimbo zili phokoso kumbuyo. Nditamufotokozera, m'malo mopepesa anaseka. Akuti, "Asisi, mafilimu amenewo anthu saonera zolankhula, amaonera zibakera. Madala asangalala basi." Ndinamufunsa ngati anaitsegula asanandipatse. Akuti iye zakalekale ngati zimenezo samaonera, zimamugonetsa tulo. Ndiye munthu ukugulitsa chinthu chimene sunachiyang'ane n'komwe, ndalama walandira yonse, ndipo ukumuseka kasitomala? Ndinamuuza kuti Lolemba ndikubwera ndipo andibwezera ndalama yanga. Anadula foni ndisanamalize.

Chimene chikundiwawa mpaka lero n'chakuti nditabwerera m'nyumba ndinapeza ababa akupukuta misozi ndi mpango, kuseka. Anali pamene Trinity amalanda chiwaya chonse cha nyemba n'kuchikumba ndi chipande, buledi kudzanja linalo, osapuma, kenako n'kugeya pamaso pa anthu onse. Ndinati, "Ababa, pepani, ndizimitse tiike ina." Anandibweza ndi dzanja. "Iwe, usakhudze. Ukuganiza kuti ife Chingerezi cha Jeki tinkachimva?"

Ababa anakulira ku Luanshya, kumene agogo ankagwira ntchito mumgodi wa kopa. Akuti kumeneko kanema ankaonetsera panja m'makomboni, ndipo kauboyi aliyense, kaya dzina lake ndi ndani, ana ankangomutcha Jeki. Zolankhula zinkamira m'phokoso la anthu okuwa. Nkhani ankailuka okha poona amene wakwera hatchi, amene wagwa ndi amene wamenya mnzake. Choncho kwa iwo Chijeremani ndi Chingerezi cha ku Texas ndi chimodzimodzi. Sindikufuna kuvomereza kuti mnyamata wamwano uja ananena zoona, koma pa filimu imodzi yokhayi analasa, mwangozi.

Ndipo Trinity ndi yokomadi. Inatuluka mu 1970 ndipo ndi ya ku Italy, osati ku America. Terence Hill dzina lake lenileni ndi Mario Girotti, pomwe chimphona chija Bud Spencer, mkulu wake wa Trinity mufilimuyi, anali Carlo Pedersoli, katswiri wosambira amene anaimira dziko lake ku Olimpiki mu 1952 ndi 1956. Ababa izi anakana kwamtuwagalu, akuti munthu wamimba yotere sangayandame. Kukoma kwa awiriwa kuli m'matupi mwawo. Wina ndi wopepuka, waulesi, womwetulira nthawi zonse; winayo ndi wolemera, wokwiya, wotopa ndi mng'ono wake, ndipo chibakera chake chimatsika kuchokera kumwamba n'kutera paliwombo ngati akukhoma chikhomo. Ndewu yomaliza, pamene alimi achipembedzo cha Mormon aphunzitsidwa kumenyana ndi anyamata a mwinimalo wadyera, ndi ya manja okhaokha. Magazi palibe. Ana anagubuduka pamkeka. Choipa chake, pakati imakoka kwambiri, ndipo anthu a ku Mexico anawajambula ngati mbava zauve ndi zitsiru basi.

Zinazo zinali m'Chingerezi, tinaziona masiku otsatira. Support Your Local Sheriff ya 1969 ndi imene ine ndinaikonda koposa. James Garner amapatsidwa ndende yopanda zitsulo, ndiye amangojambula mzere wa choko pansi, n'kudonthezapo penti yofiira, n'kumusiya mkaidi aganize yekha zimene zinachitikira amene anadumpha mzerewo. Koma nthabwala zake zili m'mawu, moti ababa anawodzera. Cat Ballou ya 1965 inawadzutsa: Lee Marvin, amene anapata mphoto ya Oscar ndi filimuyi, ataledzera pahatchi yoti nayonso yatsamira khoma miyendo itapingasa. Nat King Cole amalowa n'kumaimba nkhaniyo pakatipakati, ndipo amayi anamuzindikira ndi mawu asanaone nkhope. Cole anamwalira chaka chomwecho filimuyo isanatuluke.

Pa McLintock! ya 1963 m'pamene panavuta. Ndewu ya m'matope ija ndi yoseketsa, sindikana. Koma kumapeto John Wayne amathamangitsa mkazi wake, Maureen O'Hara, m'tauni yonse atatsala ndi zovala zam'kati, anthu akusekerera, kenako n'kumugoneka pamwendo n'kumukwapula ndi kafosholo. Ndipo filimuyo imafuna tikhulupirire kuti banja lakonzeka pamenepo. Amayi anaimirira n'kunena kuti, "Abambo ake, zimenezi ndiye zoseketsazo?" Ababa anakhosomola n'kuyamba kufunafuna magalasi omwe anali pamphuno pawo. Ine ndinali ndi mwana wanga wamkazi pambali ndipo ndinaifufuta usiku womwewo. Apa mlandu ndi wanga, ndinailemba ndekha papepala paja.

Blazing Saddles ya 1974 musaonere ndi ana, ndakuchenjezani. Nkhani yake ndi ya munthu wakuda, Cleavon Little, amene waikidwa kukhala sherifu, mkulu wa apolisi, m'tauni ya azungu okhaokha ndi cholinga choti anthu athawemo, akuluakulu alande malo odutsa njanji. Mel Brooks, amene anapanga filimuyi, akuseka atsankho, osati akuda, ndipo mmodzi mwa olemba ake anali Richard Pryor. Zimenezo ndikuzimvetsa. Komabe liwu lonyoza anthu akuda lija limatuluka mobwerezabwereza, ndipo mwana wa zaka 9 samva kuti akunyozedwa ndi ndani, amangotola liwulo. Wanga anandifunsa tanthauzo lake tili pakati podya. Nthabwala zina zokhudza akazi ndi amuna a chikazikazi nazonso zinasasa kalekale. Pamene makauboyi adya nyemba pamoto n'kuyamba kuphwisa mopikisana, ababa anaseka mpaka kutsamwa, amayi n'kutuluka kachiwiri. Kaya makauboyi ndi nyemba anapangana chiyani.

Pano ndiyenera kuulula kanthu. Chakumapeto kwa filimuyi ndewu imabowola khoma n'kugwera mu situdiyo ina momwe amuna ovala masuti akuvina, kenako anthu akuponyerana makeke m'kantini, kenako ali pamsewu wa magalimoto. Ndinalumpha n'kunena kuti mnyamata uja wasakaniza mafilimu awiri. Foni ndinali nditaigwira kale. Mlamu wanga ndi amene anandiletsa, akuti ndi mmene anaipangira dala. Ndikanamulalatira munthu pa mlandu woti si wake, ndipo mwina n'chifukwa chake nyenyezi ndaika zitatu m'malo mwa imodzi imene ndinakonza. Zithunzi n'zowala bwino m'mafilimu onse, mawu akumveka, fulashi sinabwere ndi vairasi ngati kwina kuja. Pa zimenezo ndimuyamikire.

Koma asasangalale msanga. My Name Is Nobody, ya 1973, ija ya Terence Hill ndi Henry Fonda yokhala ndi nyimbo za Ennio Morricone, imadukira panjira. Gulu la okwera pahatchi likubwera m'chigwa, fumbi lili kobo, nkhalamba Fonda yaima yokha pafupi ndi njanji, ababa asendera kutsogolo kwa mpando, basi chithunzi chaima, kwada. Lolemba ndinapitadi. Ndalama anakana kubweza, akuti bandulo inapita kale. Analonjeza kuti andiikira yathunthu pamodzi ndi Trinity ya Chingerezi, ndibwere mawa. Ababa akuti ya Chijeremaniyo ndisaichotse, aionera kale katatu ndipo ayamba kuloweza mawu ena omwe palibe akudziwa tanthauzo lake. Fulashi ina ndinaisiya kushopuko Lolemba lomwelo. Lero ndi Lachisanu.