Pulojekita yogwiritsidwapo kale ntchito: ndemanga yanga patatha miyezi 14

Ndaipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Yachisanuyo ndaimana chifukwa cha fani ndi babu, ndipo ndifika pamenepo. Ndemangayi ndikulembera makamaka inu amene mitima ili pawiri, kuti kaya mugule pulojekita yoti wina anaigwiritsapo kale ntchito, kaya mudzipangire nokha. Ine njira ziwiri zonsezi ndaziyenda. Ndinayamba n'kupanga, bokosi langalo linandidyera miyezi isanu ndi inayi, kenako ndinagula yakale. Tsopano yatha miyezi 14 tikuonera imeneyi kunyumba, pafupifupi Loweruka ndi Lamlungu lililonse, nthawi zina ndi pakati pa sabata pomwe.

Yomwe ndinagula ndi ya DLP, mtundu umene umapanga chithunzi ndi timakalilore ting'onoting'ono, ya 1080p, kutanthauza timadontho 1920 mopingasa ndi 1080 kutsika. Mwini wake woyamba anakhala nayo zaka zisanu, ndipo pa menyu inkaonetsa kuti babu yayaka maola 1,400. Dzina la kampani ndalisiya dala, chifukwa zomwe ndinene pano zikukhudza mapulojekita ambiri a mtundu umenewu.

Ndiyambe ndi bokosi lija, chifukwa ndi limene linanditsegula maso. Kapangidwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Mumatenga monita ya kompyuta ya LCD, n'kuimasula, n'kuchotsa nyale zake zakumbuyo mpaka kutsale kagalasi kopyapyala kamene kamakhala ndi chithunzi. Kuseri kwa kagalasiko mumaikako nyale yamphamvu. Kale anthu ankakonda metal halide ya mawati 250 kapena 400, koma ine ndinaika LED ya mawati 100. Kagalasiko mumakapana pakati pa magalasi awiri a Fresnel, aja opyapyala okhala ndi timizere tozungulira, amene Mfalansa Augustin Fresnel anawakonzera nsanja zounikira sitima za panyanja cha m'ma 1820. Loyamba limawongola kuwala kuti kudutse pa LCD mofanana paliponse, lachiwiri limakusonkhanitsa n'kukulozetsa ku lenzi yakutsogolo, imene imaponya chithunzi pakhoma. Basi.

Tsiku limene chithunzi choyamba chinatuluka pakhoma sindidzaliiwala. Mtima unagunda. Chinthu chochokera m'manja mwanga, matabwa odula ndekha, chikuonetsa nkhope za anthu zazikulu kuposa chitseko! Aliyense wonyoza anthu opanga mapulojekita awo sanaimvepo nsangala imeneyi.

Koma chithunzicho chinali chozilala, ndipo zonse zomwe ndinayesa sizinachiwalitse mokwanira. Poyamba ndinkaganiza kuti ndalakwitsa penapake. Ndinasuntha nyale, ndinaika kalilore kumbuyo kwake, ndinapaka m'kati mwa bokosi penti wakuda kuti kuwala kusamwazike. Zinasinthako pang'ono. Pambuyo pake ndinazindikira kuti vuto lili pa LCD yeniyeniyo. Kagalasi ka monita kali ndi pepala lotchedwa polarizer limene limameza pafupifupi theka la kuwala kusanafike n'komwe pa chithunzi. Kotsalako kumakumana ndi tosefera mitundu, tofiira, tobiriwira ndi tabuluu, ndipo kalikonse kamangolola gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukaphatikizapo timawaya ndi titransisita totchinga pakati pa timadontho, kuwala kotulukira kutsogolo sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a komwe nyale yapereka. Pa monita zimenezi zilibe kanthu, chifukwa mumakhala mwaiyandikira ndipo ndi yaing'ono. Koma kuwala kochepa komweko mukakutambasula pakhoma la mamita awiri, kumasanduka mbuu.

Ndipo kuwala komezedwako sikungosowa ayi, kumasanduka kutentha. LCD ikatentha kwambiri imayamba kuda pakati ngati yapsa, kudako n'kumafalikira. Ndiye mumaonjezera fani, kenako ina, n'kuboola mabowo olowera mpweya, ndipo pa mabowo omwewo kuwala kumatulukira n'kuunikira chipinda chimene mukufuna chikhale bii. Fumbi nalo limalowera pomwepo n'kukamata pa Fresnel. M'makona mwa chithunzi munali chimbuuzi nthawi zonse: pakati pakaoneka bwino m'mbali mwasokonekera, mukakonza m'mbali pakati pathawa. Kalamba ka waya kopyapyala kolumikiza LCD ndi bolodi yake ndinakang'amba kamodzi pokapinda, ndipo monita yonseyo inathera pomwepo, ndinachita kufuna ina. Bokosi lomalizalo linali lalikulu ngati sutikesi ziwiri zosanjikiza, losati n'kulipachika kudenga.

Amene akuganiza za metal halide ndiwachenjezeretu: nyale imeneyi imafuna ballast, kachipangizo kolamulira magetsi olowa mu nyaleyo, imayatsidwa ndi mphamvu ya magetsi yokwera kwambiri, imatulutsa kuwala kwa UV koononga maso, ndipo imatentha moti m'bokosi la matabwa si yoseweretsa.

Kunena chilungamo, kupanga kunali ndi nthawi yake. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000 pulojekita yabwino inali ya anthu ochepa, ndipo babu yake yokha inkadula moti munthu ankaganiza kawiri asanaiyatse. Nthawi imeneyo bokosi la monita linali nzeru yeniyeni. Lero zinthu zinatembenuka. Maofesi, masukulu ndi eni nyumba akusamukira ku mapulojekita a laser, a LED ndi a 4K, ndipo a babu aja, ambiri akadali amoyo ndithu, akugulitsidwa. Nditawerengera zonse zomwe ndinagulira bokosi langa, monita ziwiri, LED ndi choiziziritsa, magalasi, lenzi, mafani, matabwa, ndinapeza kuti sizinasiyane kwenikweni ndi ndalama yomwe ndinapereka pa yakaleyi. Miyezi isanu ndi inayi ija sindinaiwerengere.

Usiku woyamba nditaiyatsa yogulayi, ndinaiponya pakhoma lomwe lija, pamalo omwe aja. Kunawala kuti ngwee. Malemba a pansi pa filimu ankawerengeka kuchokera kona ina mpaka ina. Mkazi wanga, amene miyezi yonse ija ankaonera bokosi langa moleza mtima osadandaula, anangoti, “Kodi malaya a munthuyu ndi obiriwira eti?” Filimu yomweyo tinali titaionerapo kawiri pa bokosi.

Chinsinsi chake n'chakuti DLP sidutsitsa kuwala m'galasi ayi, imakubweza ngati kalilore. M'kati mwake muli kachipangizo kosaposa chikhadabo chachikulu kukula kwake, kokhala ndi timakalilore toposa 2 miliyoni, kalikonse koimira kadontho kamodzi ka chithunzi. Timapendekeka uku ndi uku kambirimbiri pa sekondi imodzi, kena kakuponya kuwala ku lenzi, kena kakukutaya pambali. Luso limeneli analitulukira ndi Larry Hornbeck wa ku Texas Instruments mu 1987. Mitundu imachokera pa kagudumu ka magalasi amitundumitundu kamene kamazungulira mothamanga kutsogolo kwa babu. Pali anthu ena amene maso awo amagwira kasinthasintha ka mitunduka, amaona ngati utawaleza ukuphethira m'mphepete mwa zinthu zoyera, ndipo ena mutu umawawawa. Kwathu kuno palibe amene amauona, koma inu musanagule ya DLP onerani kaye mphindi zingapo pamodzi ndi amene muzidzaonera nawo. Ngati wina akuuona, funani ya 3LCD, yogwiritsa ntchito timagalasi titatu ta LCD, ka mtundu wofiira, ka wobiriwira ndi ka buluu, imene ilibe kagudumuko.

Tsopano za nyenyezi yosowa ija.

Babu ya mapulojekita amenewa ndi ya mercury, ndipo nthawi zambiri siithima mwadzidzidzi ngati babu ya m'chipinda. Imazilala pang'onopang'ono, inu osazindikira, mpaka pofika kumapeto a moyo wake imakhala ikupereka mwina theka la kuwala kwake koyamba. Opanga amalemba maola 3,000, 4,000 kapena kuposa, malinga ndi mtundu wake komanso ngati mukuyatsa pa eco, pamene babu imayaka mochepetsa mphamvu. Yanga itafika cha m'ma maola 2,100 inayamba kuphethira, ndipo zithunzi za usiku zinkangooneka mdima wokhawokha. Apa ndi pomwe ndinadziwa chinthu chimene ndikanakonda wina akanandiuza kale: nambala ya maola ija imafufutika. Pa menyu pali poibwezera pa ziro, pamene anapaikira munthu amene wasintha babu, koma aliyense angathe kupadina. Sindikunena kuti wondigulitsayo anandinamiza, umboni ndilibe. Ndikungoti nambala imeneyo musaidalire yokha. Khulupirirani maso anu, ndipo mtengo wa babu yatsopano muuwerengeretu pa mtengo wa pulojekitayo musanagwirizane. Funsaninso ngati babu ya mtundu umenewo ikupezekabe, chifukwa pulojekita yopanda babu ndi chitsulo chabe.

Kusintha kwake sikunandivute: zomangira zitatu, kusolola yakale, kulowetsa yatsopano. Ndinagula ya m'chikombole chake chomwe, osati babu yokhayokha yoti muchite kuimangirira m'chikombole chakale. Galasi lake musaligwire ndi zala, mafuta a m'manja amaliononga likatentha. Yakaleyo musaiphwanye kapena kuitaya mwachisawawa chifukwa cha mercury ija. Nditaiyatsa ndi babu yatsopano ndinachita kudabwa kuti miyezi yonseyi ndinkaonera theka la zomwe makinawa angathe.

Fani ndiye sindinaizolowere mpaka lero. Babu yotentha chonchi imafuna mpweya wambiri, ndipo pulojekita ili pamwamba penipeni pa mitu yathu. Pa filimu ya phokoso simuimva, koma anthu akamanong'onezana, kapena pakakhala zii, imamveka kuti fuu osalekeza. Pa eco imachepako, babu imakhalitsa, ndipo m'chipinda cha mdima kuwala kumakwanabe, choncho ine ndimangoisiya pamenepo. Mukaizimitsa fani imapitiriza kuzungulira kwa kanthawi kuti babu izizire. Musaisolole pa soketi nthawi imeneyo, mumaifupikitsa moyo.

Zina ndi zazing'ono. Mtundu wakuda suda kwenikweni, umakhala wotuwa pang'ono, makamaka ngati makoma a chipinda ndi oyera, chifukwa kuwala kumanjanja n'kubwerera pa sikirini. Makatani akuda anathandiza kwambiri. Sipika yake ya m'kati ndi yongoyesera kuti mawu akutuluka, mufunika ina yapadera. Masana, mawindo ali otsegula, musayembekezere zambiri.

Chimene ndinachita bwino, ndipo ndikupempha kuti nanunso mutero, n'chakuti ndinakana kugula ndisanaione ikuyaka. Ndinapita ndi laputopu ndi chingwe changa cha HDMI, nditakonzeratu zithunzi zisanu za mtundu umodzi umodzi: choyera, chakuda, chofiira, chobiriwira ndi chabuluu. Pa chakuda mumayang'ana timadontho toyera tonga nyenyezi. Pa DLP timeneti ndi timakalilore tomwe tinakanirira, ndipo tikayamba timachulukirachulukira, ndiye mukationa ingotembenukani. Pa choyera mumayang'ana mabanga a fumbi, komanso pa 3LCD mumaona ngati pali chikasu chofalikira, chizindikiro chakuti mbali ya buluu yapsa ndi kutentha. Ndinaisiya ikuyaka kupitirira theka la ola, chifukwa zina zimadzizimitsa zokha zikatentha, ndipo ndinatchera khutu ngati kagudumu ka mitundu kakulira mokwekwesa. Rimoti nayo muiyese, popeza pulojekita ikakwera kudenga mabatani ake simuwafikanso.

Samalani ndi mawu oti “imalandira 1080p”. Kulandira n'kwina, kuonetsa n'kwina. Mapulojekita ambiri akale a mu ofesi ndi a XGA, timadontho 1024 ndi 768, ooneka mwa 4:3, kutanthauza magawo anayi mopingasa ndi atatu kutsika. Amawala kwambiri, inde, koma anawapangira matebulo a manambala, ndipo filimu yotambalala ya 16:9 imangotenga kachigawo ka pakati. Funsani za native resolution, ndiyo nambala yeniyeni ya timadontho timene pulojekitayo imaonetsa. Pa kuwala funani ma ANSI lumen, amene amayezedwa pa malo asanu ndi anayi a chithunzi choponyedwacho, osati manambala akuluakulu ongolembedwa pa katoni opanda mawu oti ANSI.

Yezaninso chipinda chanu musanachoke panyumba. Pulojekita iliyonse ili ndi throw ratio, kutanthauza mtunda wochokera pa lenzi kufika pakhoma mukaugawa ndi kutambalala kwa chithunzi. Sikirini ya mainchesi 100 ya 16:9 ndi yotambalala masentimita 221, msinkhu wake pafupifupi 125. Yanga ili ndi throw ratio ya 1.5, choncho inafunika kukhala mamita 3.3 kuchokera pakhoma, ndipo mwamwayi chipinda chinalola. Ilibe lens shift, njira yosunthira chithunzi posuntha lenzi yokha, ndiye ndinachita kuipachika molunjika bwinobwino pakati. Keystone ilipo yowongolera chithunzi chikapendekeka, koma imachita zimenezo pofinya timadontho, ndipo malemba amataya kuthwa kwake. Ine sindiigwiritsa ntchito.

Ndiye ndani apange yake? Amene akufuna kudziwa mmene kuwala kumayendera, amene amasangalala ndi kuyeza, kudula ndi kuyesanso, kapena amene akufuna kuphunzitsa mwana ndi manja. Kwa ameneyo bokosi lija ndi sukulu yabwino kwambiri, ndipo LED yake ikhala maola masauzande ambiri osafuna kusintha. Ine zomwe ndinaphunzira pa bokosilo n'zimene zinandithandiza kusankha yakaleyi mosanamizidwa. Koma ngati cholinga chanu n'kukhala pansi madzulo ndi banja n'kuonera filimu yooneka bwino, gulani yogwiritsidwapo kale ntchito ya 1080p, muiyese mmene ndafotokozeramu, ndipo musunge ndalama ya babu pambali.

Panopa babu yatsopano ija yangokwanitsa maola 180. Mwezi uliwonse ndimakwera pampando n'kupukuta fumbi pa mabowo olowera mpweya, ndipo ndimaikanso chithunzi chakuda chija kuti ndione ngati kadontho koyera kayamba. Mpaka lero sikanaoneke.