Chambo kapena mlamba: iti yoweta kuseri kwa nyumba kuno ku Harare?

Ife amene makolo athu anachokera ku Mangochi, Nkhotakota kapena Salima, tikamva zoweta nsomba mtima umathamangira ku chambo. Inenso pomwe ndinkaika mathanki awiri kuseri kwa nyumba yathu ku Mufakose, ndinkaganiza za chambo chokhachokha, poti ndi nsomba imene agogo ankaitchula mpaka tsiku lomaliza. Mlamba ndinauika m'thanki yachiwiri mongoyesa. Patha zaka zitatu tsopano, ndipo kwa inu abale amene mukufuna kuyamba ndinena ichi: musanasankhe, funsani kuti nsombayo imapuma bwanji komanso imaswana bwanji. Kukoma kwake kubwere pambuyo.

Choyamba timvetsetsane pa dzina. Chambo chenicheni ndi cha m'nyanja ya Malawi. Chimene chimawetedwa kwambiri kuno, monga m'makhola a pamadzi ku Kariba, ndi mbale wake wotchedwa Nile tilapia, imene anthu pamsika amangoti bream. Ine ndiziti chambo, poti kunyumba timatero. Mlamba ndi womwewo wa ndevu uja, anzathu a Chishona amati muramba.

Chambo chimapuma mpweya wosungunuka m'madzi basi. Mlamba uli ndi mwayi wina: m'mutu mwake muli kachiwalo kooneka ngati kamtengo ka nthambi, kamene kamauthandiza kupuma mpweya wakunja. N'chifukwa chake umakhalabe moyo m'matope dambo likaphwa. Kusiyana kumeneku ndinakuona ndi maso usiku wina mu October magetsi atazima, pampu yopopera mpweya m'madzi n'kuima. Pofika mbandakucha chambo chonse chinali pamwamba, kukamwa yasa, chikuwefuka, ndipo zisanu ndi ziwiri zinali zitagona chagada. Mtima unandipweteka zedi. M'thanki inayo milamba inkangobwera pamwamba, kumeza mpweya, n'kubwerera pansi ngati palibe chachitika. Mumzinda umene magetsi amazimazima ndipo madzi a pampopi amatha masiku osatuluka, nkhani imeneyi si yaing'ono.

Luso lomwelo lili ndi vuto lake. Mvula ikagwa usiku mlamba umatuluka n'kumakwawa pa udzu wonyowa. Wina ndinautola m'mawa pakati pa bedi la repu, uli moyo, thupi lonse dothi lokhalokha. Thanki ya milamba imafuna ukonde pamwamba.

Pa kuswana ndi pamene nsomba ziwirizi zimasiyana kotheratu. Chambo chachimuna chimakumba kadzenje kozungulira pansi, chachikazi n'kudzaikira mazira momwemo. Chikatero chimawatola ndi kukamwa, n'kuwafungatira m'kamwamo kwa sabata imodzi kapena ziwiri osadya kanthu. Tsiku lina ndinagwira chachikazi chochepa kuposa chikhatho changa, ndipo nditachitsegula kukamwa ndinapeza timazira tachikasu tonga mapira titadzaza. Ana akaswa, mayiyo amawatulutsa, koma akaona choopsa amathawira m'kamwa momwemo. Mazira ake si ambiri, mazana angapo kwa nsomba yaing'ono, koma poti amasamalidwa chotere, ambiri amapulumuka.

Poyamba ndinakondwa kuti mbewu ndaipeza yaulere. Ndinalakwitsa. Chambo cha m'damu chimayamba kuswana chikadali chaching'ono, ndipo sichileka madzi akakhala ofunda. Miyezi ingapo thanki inadzaza tiana, chakudya chomwecho kulimbirana, ndipo zonse zinapinimbira. Chachikazi chimene chimakhalira kufungatira mazira sichinenepa. Ndiye chifukwa chake oweta ozindikira amagula ana a nsomba aamuna okhaokha, amene amakula msanga popanda kuchulukana. Mukamagula, funsani zimenezi mosachita manyazi.

Mlamba suswana wamba m'thanki. Kutchire umadikira mvula yoyamba, madzi akasefukira umakwera m'madambo n'kumwaza mazira masauzande ambirimbiri amene amamatirira pa udzu. Ukatero umachoka, za ana sulabadira. Mazirawo amaswa pakatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ana ambiri amadyedwa. Kumalo oswetsera nsomba amachita kubaya waukazi jakisoni kuti mazira akhwime, n'kuwafinya, ndipo kawirikawiri wamphongo amaphedwa kuti atenge umuna wake. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti chiwerengero chimene mwaika sichikwera, koma chaka chilichonse muyenera kukagula mbewu ina. Ndiponso milamba imadyana. Wina akakula kuposa anzake amawameza, kotero masabata oyambirira muziisankha, ikuluikulu payokha, ing'onoing'ono payokha.

Pa chakudya chambo n'chosavuta. Chimasefa tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi obiriwira, ndipo m'damu lokumba mukathira zitosi za nkhuku pang'ono ndi kuwonjezera gaga, chimakula ndithu. Mlamba umafuna chakudya cha mapuloteni ambiri, chimene n'chodula.

Kenako pali chisanu. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, pamene nyanja ya Malawi ili pansi pa mamita 500. Mu June ndi July usiku kuno kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Madzi akatsika pansi pa madigiri 20 chambo chimachepetsa kudya ndipo kukula kumaima. Akayandikira madigiri 11 kapena 12 chimayamba kufa. Mlambanso ndi nsomba ya madzi ofunda, nawo umafooka, koma kwa ine sunafepo. Thanki yaing'ono imazizira msanga kuposa damu lakuya. Ine ndimaika mbewu mu September, kukolola mu April kapena May, ndipo zotsala ndimaziphimba ndi pulasitiki.

Musaganize kuti poti mlamba umapirira ndiye kuti madzi alionse ndi abwino. Tonse tinamva za nyanja ya Chivero, pafupi ndi Harare, mu December 2024, pamene nsomba zambiri zinafa pamodzi ndi nyama zakutchire, kuphatikizapo zipembere zinayi, chifukwa cha ndere za poizoni zimene zimachuluka m'madzi odzaza zonyansa za m'masuweji. Chakudya chotsalira ndi ndowe za nsomba zimawononga madzi a m'thanki mofananamo. Ine ndimachotsako ena sabata iliyonse n'kuthirira ndiwo zamasamba.

Pa msika chambo chimapambana. Ku Mbare bream imayenda mosavuta, pamene mlamba ena sadya chifukwa ulibe mamba, monga a Seventh-day Adventist amene amatsatira Levitiko 11. Komabe mlamba wowamba pamoto, wothira tomato ndi anyezi, anthu akwathu amaufuna, ndipo umasungika opanda firiji.

Ngati muli ndi malo okumba damu padzuwa, madzi a pachitsime odalirika ndi sola yoyendetsa pampu, wetani chambo chachimuna chokhachokha. Ngati muli ngati ine, kabwalo kochepa ndi thanki, yambani ndi mlamba. Chaka chino ndayesa njira yachitatu: m'thanki ya chambo, chitakula ndithu, ndaikamo milamba inayi yaing'ono kuti izidya tiana tochuluka tija. Pofika February tiana tinali titachepa, ndipo chambo chachikulu chayamba kudzaza mbale.