Monet kapena Sisley: Chiti Choyenera Khoma la Pabalaza Kuno Kuchigwa?

Kwa anzanga amene mukufuna kusindikiza chithunzi chopenta kuti mupachike pabalaza, ndayika pambalimbali zithunzi ziwiri za ku France zimene ndakhala ndikuziyang'ana kwa nthawi yaitali kuno ku Bangula. Zonse ndi za madzi, ndipo eni ake ankapenta mofulumira kuti agwire kuwala kusanasinthe.

Choyamba ndi Impression, soleil levant (m'Chifalansa, chithunzithunzi cha kutuluka kwa dzuwa) cha Claude Monet, chopentedwa mu 1872 padoko la Le Havre, mzinda umene iye anakuliramo ndi kumene katswiri wopenta Eugène Boudin anamuphunzitsa kupentera panja. Mukachiyandikira simuona kanthu koma mikwasa ya burashi. Mukabwerera m'mbuyo masitepe atatu, mabwato amatulukira m'nkhungu, ndipo kadzuwa kofiira kamagwetsa timizere take pamadzi. Amene anaonapo asodzi akupalasa m'bandakucha pa Shire sangafune womasulira. Chitaonetsedwa ku Paris mu 1874, mtolankhani Louis Leroy anachinyoza, ndipo chitonzo chakecho ndicho chinasanduka dzina la kapentedwe konseka, loti Impressionism. Vuto lake ndi losindikiza: mitundu yake ndi yotuwa ndiponso yoyandikana kwambiri, moti inki ikakhala yosalongosoka chimangotuluka ngati utsi.

Chachiwiri ndi cha Alfred Sisley, cha bwato pamadzi osefukira ku Port-Marly pafupi ndi Paris, cha mu 1876. Ichi chimasindikizika bwino, chifukwa nyumba, mitengo ndi mitambo n'zooneka ngakhale papepala wamba. Mtsinje wa Seine wafika pakhomo pa nyumba, mitengo yaima m'madzi, anthu ali m'bwato mosatekeseka, ndipo thambo ladzaza pafupifupi theka la chithunzi. Tsiku loyamba chinandipweteka mtima. Ife amene tikukumbukira zimene Ruo ndi Shire anachita ku Makhanga mu Januwale 2015, madzi osefukira timawadziwa ndi matope ofiira, nkhokwe zokokoloka ndi usiku wogona pasukulu, osati bata lotere.

Komabe mbiri ya mwini wake inandifewetsa. Sisley anabadwira ku Paris mu 1839 kwa makolo a ku Britain ochita bwino, koma malonda a bambo ake anagwa pa nkhondo ya mu 1870, ndipo iye anakhala movutikira mpaka imfa yake mu 1899, pamene Monet anadzalemera nakhala ndi munda wake wotchuka ku Giverny. Sisley sanali mlendo ku mavuto. Ndikuona kuti anapenta m'mawa umene mvula yakata, anthu ayamba kuwoloka kukaona zimene zatsala, ndipo m'mawa wotero nafenso timaudziwa.

Ine ndasankha cha Sisley, ndipo ndachipachika kutali ndi zenera kuopa dzuwa lathu la mu Okutobala. Koma ngati m'nyumba mwanu muli amene anataya abale pa namondwe Freddy mu 2023, yambani mwawafunsa. Akakana, pachikani cha Monet.